Mbiri ya Mowa wa Masese ndi Chibuku m'Mzinda wa Lilongwe

Kumwera kwa tauni yakale ya Lilongwe, m'mbali mwa mseu waukuru wonka ku Dedza, kuli malo otchedwa Area 36. Kumeneko, monganso ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona, mowa wa masese umapezeka m'njira ziwiri. Wina ndi wa mumgolo, umene amai amafulula pakhomo pao. Wina ndi wa m'paketi, wochokera ku fakitale, umene dzina lake ndi Chibuku. Mowa wonsewu kholo lake ndi limodzi, ndilo mowa wa m'mbiya umene Achewa anali kufulula kalekale mzindawu usanamangidwe. Nkhani ino ilongosola m'mene chakumwa cha miyambo chinasandukira malonda, poyamba m'manja mwa amai, ndipo pambuyo pake m'manja mwa kampani. Mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale ayenera kuidziwa mbiri imeneyi, pakuti ena mwa ana amene adzakhala pamaso pake amadya ndi kubvala ndi ndalama za mowa, ndipo ena amagona ndi njala chifukwa cha mowa womwewo.

Mowa wa makolo

M'masiku a makedzana mowa sunali wogula. Mbeu zake zinali mapira ndi mawere, ndipo chimanga chinalowa pambuyo pake, chitafika m'maiko a kuno kudzera kwa Apwitikizi. Nchito yofulula inali ya akazi kuyambira pachiyambi kufikira pamapeto. Mai anali kubviika mbeu m'madzi, naifundika kufikira itamera, naiyanika padzuwa, naisinja. Chimenechi ndicho chimera. Atatero anali kuphika phala lamadzimadzi la ufa, nathiramo chimera. Akalimwa lisanawire linali thobwa, chakumwa chozuna chimene ngakhale ana amamwa. Akalisiya kuti lisase, naliphikanso, naonjezeramo chimera china ndi kulisunga m'mbiya, linali kuwira lokha kufikira litasanduka mowa. Potsiriza anali kuukuntha kuti achotse masese okhakhala. Nchito yonseyi inali kutenga pafupifupi sabata lathunthu, ndiponso nkhuni ndi madzi ochuruka.

Nzeru za sayansi zimalongosola chimene amai aja anachidziwa ndi lilime lokha. Mbeu ikamamera imatulutsa mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga. Tizilombo tina tosaoneka ndi maso timasasitsa phalalo, ndipo kusasako kumaletsa tizilombo toipa kuti tisaswane. Pambuyo pake yisiti imadya shuga uja ndi kutulutsa ukali wa mowa pamodzi ndi mpweya umene umaoneka ngati thobvu. Mfundo yofunika kuikumbukira ndi iyi, yakuti mowa wa masese susiya kuwira. Lero ndi wozuna, mawa wapsa bwino, masiku awiri kapena atatu akapita wasasa kotheratu. Mbiri yonse ya malonda a mowawu yayenda motsata mfundo imeneyi.

Pamudzi mowa unali ndi nthawi zake. Munthu wokhala ndi munda waukuru anali kuitana anzake ku dima, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo malipiro a olimawo anali mowa. Pa chinamwali, pa ukwati, polonga mfumu ndi pokumbukira maliro panali mowa. Mvula ikakanika, akuru anali kuthira nsembe ya mowa pakachisi kupempha mizimu. Ndiponso kamwedwe kake kanali ndi malamulo. Mwini mowa ndiye anali kuyamba kulawa, kuonetsa kuti mulibe choipa. Chipanda chinali kuyambira kwa akuru, ndipo anyamata osakwatira sanali kukhala pabwalo la mowa monga anzao a madoda. Popeza mbeu ya mowa inali kuchokera m'nkhokwe yomweyo ya nsima, nkhokwe ndiyo inali kuika malire a kumwa.

Ndalama zilowa m'mbiya

Zinthu zinayamba kusintha pamene boma la Angerezi linakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890. Boma la Lilongwe linakhazikika mu 1904, kufupi ndi mudzi wa mfumu Njewa. M'zaka za m'ma 1920 ulimi wa fodya wochiza ndi utsi unafalikira m'chigawo chimenechi, makamaka chifukwa cha A. F. Barron wa ku Mbabzi, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira fodya wa anthu akuda. Kuyambira pamenepo amuna anayamba kugwira ndalama, ena za fodya, ena za ku migodi ya ku Johannesburg, ku Harare ndi ku Kitwe. Akazi analibe njira zambiri zopezera ndalamazo. Koma anali ndi luso limodzi limene amuna anali okonzeka kulipira, ndilo kufulula. Motero mowa wa dima unabala mowa wogulitsa.

Kufunika kwa malonda amenewa kunaoneka bwino pa njala ya 1949. Megan Vaughan, amene anafufuza mbiri ya njalayo m'boma la Blantyre nalemba buku lake mu 1987, anaonetsa kuti akazi ambiri a kufupi ndi tauni anali kudalira mowa pa ndalama zao. Chimanga chitasowa, kufulula kunaima, ndipo akazi amene amuna ao anali kutali kapena anawasiya ndiwo anasauka koposa.

Mipingo inauona mowa mosiyana. Amishoni a Dutch Reformed, amene anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, analetsa Akristu ao kumwa ndi kufulula komwe, ndipo mkazi wopezeka atafulula anali kuimitsidwa pa Mgonero. Ansembe a Chikatolika a ku Likuni anadana ndi kuledzera, koma sanauyese mowa wokha kuti ndi tchimo. Kusiyana kumeneku kukali kuoneka m'mabanja a m'Lilongwe, ndipo mphunzitsi adzakupeza m'kalasi mwake.

Boma la atsamunda nalo linali ndi maganizo ake. Pangano la ku Brussels la 1890 linachepetsa malonda a zakumwa zaukali pakati pa anthu akuda, ndipo kwa zaka zambiri Mnyasa sanali kuloledwa kugula mowa wa Azungu. Linaletsanso kutcheza kachasu, chakumwa chimene dzina lake linachokera ku mau a Chipwitikizi akuti cachaça. Kummwera kwa Africa makhonsolo a mizinda anapeza njira yina. Lamulo la ku Natal la 1908 linapatsa khonsolo ya Durban mphamvu yakuti iyo yokha ndiyo ifulule ndi kugulitsa mowa wa anthu akuda m'nyumba zake za mowa, ndipo phindu lake linali kulipirira ulamuliro wa malokeshoni. Njira imeneyi inafalikira ku Bulawayo, ku Salisbury ndi ku mizinda ya migodi ya kopa. Akazi ofulula anaiona ngati kulandidwa chakudya kukamwa, kotero kuti mu 1959 akazi a ku Cato Manor ku Durban anaukira nyumba za mowazo. Amachona obwerera kwao anadza ndi zizolowezi za kumeneko: kumwa pa tsiku la malipiro, kumwa pakati pa alendo, ndiponso mowa wachangu wa chikokeyani, umene dzina lake linachokera ku skokiaan wa ku South Africa.

Buku la Max Heinrich

Mowa wa Chibuku unabadwira pakati pa anthu a m'migodi amenewa. M'zaka za m'ma 1950, ku Kitwe m'dziko limene tsopano ndi Zambia, Mzungu wina dzina lake Max Heinrich, amene anaphunzira za kufulula ku Germany, anayamba kufulula mowa wa anthu akuda ndi makina. Anthu amasimba kuti iye anali ndi buku lalikuru m'mene anali kulemba miyeso ya zothira m'mowa ndi ndemanga za akumwa, ndipo kuti dzina lakuti Chibuku linachokera ku buku limenelo. Heinrich sanatulukire chakumwa chatsopano ai. Iye anatenga luso limene linali m'manja ndi m'malilime a akazi, naliyesa pa sikelo, nalilemba, kuti mowa wa lero ufanane ndi wa dzulo ngakhale wofulula atasintha.

Mu 1962 Chibuku chinayamba kufululidwa ku Fort Victoria, kumene tsopano ndi Masvingo ku Zimbabwe. M'zaka zomwezo za m'ma 1960 malonda a Heinrich analowa m'manja mwa kampani ya Lonrho, imene mtsogoleri wake anali Tiny Rowland. Kampani imeneyi inali ndi nchito zambiri m'Malawi, ndipo pansi pake mowa wa Chibuku unakhazikika m'dzikoli, ndi dzina lakuti Chibuku Products Limited. Lonrho yomweyo ndiyo inatsegula minda ndi fakitale ya shuga ku Nchalo pakati pa zaka za m'ma 1960, ndiponso ku Dwangwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Shuga ameneyo atachuruka m'magolosale, otcheza kachasu anapeza chothira m'madeya ao mosabvuta. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Chibuku cha m'Malawi chinagulidwa ndi South African Breweries, imene mu 2002 inasanduka SABMiller, ndipo iyonso inamezedwa ndi AB InBev mu 2016.

Mowa wa m'botolo unadzera njira yake. Mu 1968 kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kumangidwa kunja kwa dziko la Denmark, ndipo mu 2016 inagulitsa gawo lake kwa Castel ya ku France. Koma mtengo wa botolo unali wa anthu a malipiro abwino. Mowa wa mlonda, wa kalipentala ndi wa wonyamula katundu pamsika unakhalabe wa masese.

Likuru latsopano ndi ludzu lake

Mu 1965 boma linalengeza kuti likuru la dziko lidzachoka ku Zomba kudza ku Lilongwe. Mu 1968 linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange mzindawo, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likuru. Pa kalembera wa 1966 tauniyi inali ndi anthu osakwana 20,000. Pa wa 1977 anali pafupifupi 99,000. Pa wa 2018 anali pafupifupi 990,000. Okonza mapu anagawa mzinda m'malo a manambala. Anthu a malipiro ochepa anapatsidwa mapuloti kuti adzimangire okha nyumba, monga ku Area 25 kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo ndi ku Area 23. Mapulotiwo atachepa, ena anapempha malo kwa mafumu m'mphepete mwa mzinda, ndipo motero Chinsapo, Mgona ndi mbali zambiri za Area 36 zinadzaza ndi nyumba. Kumeneko mudzi ndi tauni zinasanganikirana: mfumu ikali kuweruza milandu, gule wamkuru akali kutuluka pamaliro, koma nkhuni, madzi ndi chimanga zonse nzogula.

Apa mfundo ija ya kuwira kwa mowa ioneka mphamvu yake. Chibuku cha m'paketi chimatuluka m'fakitale chikali chamoyo. Ukali wake umayamba wochepa, numakwera tsiku ndi tsiku kufikira pafupifupi magawo 4 pa 100, ndipo sabata lisanathe chimakhala chitasasa. Nchifukwa chake paketi ya lita imodzi ija iri ndi kabowo pamwamba kotulutsira mpweya, ndipo wakumwa amayamba waitseka ndi chala ndi kuikhutchumula kuti masese asanganikirane, chimene chinapatsa mowawu dzina lakuti Shake Shake. Mowa wotere sungathe kuyenda ulendo wautali kapena kugona m'nyumba yosungiramo katundu. Motero kampani sinathe kumanga fakitale imodzi ya dziko lonse monga anachitira a Carlsberg. Inayenera kufulula kufupi ndi akumwa, ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndi kutumiza magalimoto m'mawa uliwonse ku mathaveni ndi ku timabala ta m'malokeshoni. Mu 2012 SABMiller inatulutsa ku Zambia mtundu watsopano wotchedwa Chibuku Super, umene pambuyo pake unafikanso m'Malawi. Umenewu amauphika atatha kufulula kuti yisiti ife, nauika m'botolo la pulasitiki lotsekeka, ndipo umakhala masiku 21 osaonongeka. Kusintha kumeneku kunalola mowa wa fakitale kufika kumene kale unali kulephera.

Malonda a mai wofulula

Ngakhale kampani inali ndi makina ndi magalimoto, mai wa mgolo sanathe. Zifukwa zake ziri m'kachitidwe ka malonda ake. Mpamba wake ndi wochepa: mgolo, chimanga, chimera, nkhuni ndi mphamvu za manja ake. Salipira nyumba ya malonda, pakuti bwalo la pakhomo pake ndilo bala. Amawerenga masiku kuti mowa upse Loweruka kapena pakutha pa mwezi, pamene amuna alandira. Amalawitsa wogula asanalipire, monga mwa mwambo wakale. Amakongoza anthu amene amawadziwa, chinthu chimene fakitale siingachite, ndipo iyenso ali ndi kabuku kake ka maina a angongole. Masese otsala amagulitsa kwa oweta nkhumba. Kumene ofulula ali ambiri, kawirikawiri amagwirizana masiku kuti asafulule onse pamodzi.

Zoopsa za malondawa nzambiri. Mowa ukapanda kutha pa masiku ake, mpamba wonse watayika. Mtengo wa chimanga ukakwera m'miyezi ya njala, phindu limachepa. Angongole ena amasamuka usiku. Ndeu ya oledzera imachitikira pakhomo pomwe ana amagona. Chifukwa cha zimenezi ena anasiya masese nayamba kachasu, amene saonongeka ngakhale atakhala miyezi, ndipo phindu lake limaposa. Koma walira mvula walira matope. Kachasu ndi waukali kwambiri kuposa masese, alibe chakudya m'kati mwake monga mowa wa chimera, ndipo wopanda muyeso wodziwika. M'zaka za m'ma 2000 makampani ena anayamba kugulitsa zakumwa zaukali m'timapepala ta pulasitiki ta mtengo wochepa, totchedwa masacheti, timene ngakhale mwana wa sukulu anatha kugula ndi kubisa m'thumba. Aphunzitsi, makolo ndi mipingo anadandaula, ndipo mu 2015 boma linaletsa masachetiwo.

Pakuona mbiri yonseyi, chinthu chimodzi chioneka poyera. Pamene mowa unali kuchoka m'mbiya kunka mumgolo, ndi kuchoka mumgolo kunka m'paketi ndi m'botolo, malire akale a kumwa anali kugwa limodzi limodzi. Nyengo ya mowa inatha, pakuti mowa ulipo chaka chonse. Ulamuliro wa akuru pa chipanda unatha, pakuti ndalama siifunsa zaka za mwini wake. Malire otsala ndiwo lamulo la boma, loletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndi chikumbumtima cha wogulitsa. Komanso phindu linasuntha. Ndalama ya mowa wa mgolo imatsala m'lokeshoni ndi kugula ndiwo, sopo ndi makope. Gawo lalikuru la ndalama ya paketi limanka kwa eni kampani ndi ku msonkho wa boma.

Chimene mphunzitsi atengepo

Kufikira 1994, pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, mwana wosalipira anali kubwezedwa kunyumba. Akazi amasiye ndi osiyidwa ambiri analipira fizi imeneyo ndi ndalama za mgolo, ndipo lero lomwe yunifomu, makope ndi fizi ya sekondale zimachokera komweko m'mabanja ena. Chifukwa chake mphunzitsi wophunzitsa za kuipa kwa kuledzera, monga ayenera kutero, asamale mau ake. Akanyoza ofulula pamaso pa kalasi, wanyoza mai wa mwana amene wakhala pabenchi lachiwiri, ndipo mwanayo adzatseka makutu ake ku zonse zotsatira. Alongosole zoona zake: chimene mowa umachita m'thupi la mwana, kusiyana kwa thobwa, masese ndi kachasu, ndi chimene lamulo linena.

Ayeneranso kukhala maso. Mwana wa pakhomo pogulitsa mowa kawirikawiri amatumwa kutunga madzi mbandakucha, kutsuka zikho ndi kulandira ndalama kufikira usiku, ndipo phokoso limamletsa kugona ndi kuwerenga. Wotereyu akamaodzera m'kalasi Lolemba m'mawa, chikwapu sichingamthandize. Chofunika ndi kukaonana ndi kholo mwaulemu, pa tsiku lopanda mowa, ndi kupangana za nthawi ya mwanayo, makamaka ngati ali mtsikana wosinkhuka amene amatumikira amuna oledzera.

Potsiriza, nkhaniyi iri ndi chuma cha chinenero chimene chiri kutayika. Ana obadwira ku Area 36 ambiri amadziwa paketi, koma sanaonepo dima, ndipo sangathe kusiyanitsa mbiya, mtsuko, chipanda ndi chikho. Mphunzitsi wa Chichewa angathe kuwatuma kwa agogo ao kukafunsa maina a ziwiya zimenezi, a masiku a kufulula, ndi malamulo a pabwalo la mowa, nawalemba m'kope la kalasi. Pa phunziro la sayansi angathe kumeretsa mawere m'mbale ndi kulawitsa ana chimera kuti amve kuzuna kwake. Pa phunziro la mbiri angathe kufunsa nkhalamba za m'deralo chaka chimene zinafika, kumene zinachokera, ndi nchito imene inadyetsa banja m'zaka zoyamba. Mayankho ake adzaphunzitsa ana mbiri ya mzinda wao kuchokera pakhomo pao pomwe.